Aisosipini: Chimene Chimasungika Tinthu ta mu Atomu Tikagundana ndi Kusanduka

M'mabuku a sayansi a ku sekondale, kaya ndi pa Mchinji Boma kaya kutsidya kwa malire ku Chipata, muli tebulo laling'ono limene ophunzira amaliloweza pamtima. Tebulolo limanena kuti atomu ili ndi tinthu ta mitundu itatu, pulotoni, nyutuloni ndi elekitironi. Kuti pulotoni ili ndi chaji ya +, elekitironi ili ndi chaji ya −, nyutuloni ilibe chaji. Ndiponso kuti pulotoni imalemera 1, nyutuloni imalemeranso 1. Phunziro likafika pamenepo limapitirira kunka kwina, ndipo ndi ochepa amene amaima n'kufunsa chifukwa chimene tinthu tiwiri tosiyana mayina ndi chaji timalemerera mofanana chotero. Funso limeneli ndi limene linabala ganizo lotchedwa isospin m'mabuku a Chingerezi, limene m'nkhani ino lilembedwa kuti aisosipini. Ganizoli siliphunzitsidwa ku sekondale, koma mawu amene limafuna, monga kusungika, kusanduka ndi mphamvu, ndi omwewo amene wolemba buku la Fomu 3 kapena mkonzi wa pulogalamu ya pa wailesi amawasowa. Mawu amene angapirire pa mutu wovuta ngati uwu sangavute pa mitu yopepuka.

Akatswiri amayeza kulemera kwa tinthu timeneti ndi muyeso wotchedwa MeV. Pa muyeso umenewu pulotoni ndi 938.27, nyutuloni ndi 939.57, pomwe elekitironi ndi 0.511 chabe. Kusiyana kwa pulotoni ndi nyutuloni ndi 1.29. Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 atasiyana pa mlingo womwewo, limodzi lingapose linzake ndi magalamu 70 okha, chimanga chosafika n'komwe theka la kapu ya tiyi. James Chadwick anatulukira nyutuloni ku Cambridge m'chaka cha 1932, ndipo chakacho chisanathe Werner Heisenberg, ali ku Leipzig, anapereka ganizo lakuti pulotoni ndi nyutuloni ziziwerengedwa ngati kanthu kamodzi kooneka pawiri. Kanthu kameneka pambuyo pake kanapatsidwa dzina lakuti nyukiliyoni.

Mphamvu imene siona chaji

Liwu lakuti mphamvu limasenza katundu wambiri m'Chichewa. Limanena za chimene chimakoka kapena kukankha, limanenanso za chimene munthu amapeza akadya nsima, ndi za ulamuliro wa mfumu. M'nkhani ino mphamvu ndi chokoka, chokankha kapena chosandutsa. Chinacho, chimene kanthu kamakhala nacho pothamanga kapena chimene chimatuluka atomu ikasanduka, chitchedwa nyonga.

Mphamvu zofunika pano ndi zitatu. Ya magetsi ndi maginito imagwira tinthu tokhala ndi chaji, ndipo ndi imene imachititsa kuti mapulotoni awiri, pokhala onse a +, azikankhana. Mphamvu yolimba ndi imene imamanga mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi m'phata la atomu ngakhale mapulotoniwo akukankhana; siifika patali, imathera m'phata momwemo. Mphamvu yofooka simanga kanthu, ntchito yake ndi kusandutsa kanthu ka mtundu wina kukhala ka mtundu wina. Mphamvu yokokera zinthu pansi iliponso, koma pa tinthu tochepa chonchi ndi yosawerengeka.

Mfundo yaikulu ndi yakuti mphamvu yolimba sisiyanitsa pulotoni ndi nyutuloni. Umboni woyamba unabwera m'chaka cha 1936, pamene akatswiri a ku Carnegie Institution ku Washington anawombanitsa mapulotoni okhaokha, ndipo Gregory Breit, Edward Condon ndi Richard Present anawerengera zotsatira zake. Anapeza kuti akachotsapo kukankhana kwa magetsi, chotsalacho n'chofanana ndi mphamvu ya pakati pa pulotoni ndi nyutuloni. Umboni wina uli m'maphata awiri amene ali ngati munthu ndi chithunzi chake cha pa galasi. Phata la tiritiyamu lili ndi pulotoni imodzi ndi manyutuloni awiri, la heliyamu-3 lili ndi mapulotoni awiri ndi nyutuloni imodzi. Nyonga yofunika pophwasula loyambalo ndi 8.48 MeV, lachiwirilo 7.72 MeV, ndipo gawo lalikulu la kusiyana kwa 0.76 limachokera pa kukankhana kwa mapulotoni awiri a mu heliyamu.

Anthu a ku Mchinji sangavutike kumva zimenezi. Mchewa wa kwa Mkanda ndi Mchewa wa ku Katete akafika pa chipata cha m'malire cha Mchinji ndi Mwami amaima pa mizere yosiyana, chifukwa wa pa chipata amayang'ana chiphaso. Awiri omwewo akakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, palibe amene amawafunsa chiphaso. Onse ndi Achewa. Mphamvu ya magetsi ili ngati wa pa chipata uja, ndipo chiphaso chake ndi chaji. Mphamvu yolimba ili ngati bwalo la ku Mkaika, imangoona nyukiliyoni basi.

Dzina losocheretsa

Dzina la ganizoli linaperekedwa ndi Eugene Wigner m'chaka cha 1937, ndipo iye analitcha isotopic spin. Mawu onse awiriwo ndi osocheretsa. Maisotopu ndi maatomu okhala ndi mapulotoni ofanana koma manyutuloni osiyana chiwerengero, pomwe maphata amene ganizoli limawaika m'banja limodzi, monga tiritiyamu ndi heliyamu-3, ndi amene ali ndi chiwerengero chimodzi cha manyukiliyoni onse pamodzi. Akatswiri a za phata la atomu ataona cholakwikacho anayamba kunena kuti isobaric spin, ndipo pamapeto pake onse anangofupikitsa kuti isospin. Liwu lachiwirilo, spin, limanena za kuzungulira ngati nguli, koma pano palibe chimene chikuzungulira. Heisenberg anangobwereka masamu amene Wolfgang Pauli anakonza m'chaka cha 1927 pofotokoza za elekitironi, imene nayonso imatha kukhala m'mikhalidwe iwiri, ndipo dzina linatsatira masamuwo.

Womasulira wachangu angalembe kuti "kuzungulira kofanana", ndipo mawuwo angaoneke Chichewa chenicheni. Kumeneko ndi kukoma kwa mkuyu wa nyerere m'kati. Wophunzira wa Chingerezi amaiwala msanga tanthauzo loyamba la spin chifukwa analimva ngati dzina chabe, koma wowerenga Chichewa akaona kuzungulira adzafuna kudziwa chimene chikuzungulira, ndiponso mbali imene chikulowera. Apa kubwereka kuli bwino kuposa kumasulira, pakuti aisosipini ndi liwu lopanda katundu, limene lidzasenze tanthauzo lokhalo limene mphunzitsi alipatse. Lilinso ndi mwayi wina: limalembedwa chimodzimodzi mbali zonse ziwiri za malire, pomwe liwu ngati chaji ku Zambia lingalembedwe kuti caji, popeza kalembedwe ka Chinyanja ka kumeneko kamaika c pamene kuno pamaikidwa ch.

Kawerengedwe kake

Aisosipini ili ndi nambala ziwiri. Yoyamba, yolembedwa I, ndi ya banja lonse. Yachiwiri, yolembedwa I₃, imasonyeza malo a kanthu m'banjamo. Chiwerengero cha a m'banja chimapezeka pochulukitsa I ndi 2 n'kuwonjezapo 1. Nyukiliyoni ili ndi I ya ½, motero banja lake ndi la awiri, mapasa: pulotoni ili ndi I₃ ya +½, nyutuloni −½. Mkonzi achenjere pano, chifukwa mabuku ambiri a za phata la atomu amatembenuza zizindikirozi n'kupatsa nyutuloni +½. Zonse n'zololedwa, koma buku limodzi lisasakanize njira ziwirizi.

Pali tinthu tina totchedwa mapayoni, pion m'Chingerezi, timene timabadwa manyukiliyoni akagundana mwamphamvu. Tili ndi I ya 1, kotero banja lake ndi la atatu: payoni ya +, payoni ya −, ndi payoni yopanda chaji. Ziwiri za chaji zimalemera 139.57 MeV, yopanda chaji 134.98 MeV. Mbiri ya banjali ikusonyeza kuti ganizoli silongosanja zinthu zodziwika kale. Nicholas Kemmer anawerengera m'chaka cha 1938 kuti ngati mphamvu yolimba siona chaji, payenera kukhala kachitatu kopanda chaji. Nthawi imeneyo palibe payoni ndi imodzi yomwe imene inali itaoneka. Za chaji zinapezeka m'chaka cha 1947 ndi gulu la Cecil Powell la ku Bristol, pa mafilimu amene anasiyidwa pamwamba pa mapiri a Pic du Midi ku France ndi Chacaltaya ku Bolivia, ndipo yopanda chaji inapezeka ku Berkeley m'chaka cha 1950. Banja lina, lotchedwa ndi lemba la Chigiriki lakuti delta, lili ndi I ya 1½, ndipo ndi la anayi. Kanthu kotchedwa lambda kali ndi I ya 0, kali kokha kopanda mbale.

Tinthu tiwiri tikakhala pamodzi, manambala a I₃ amangowonkhetsedwa, koma a I amaphatikizidwa mwa njira ina: zotsatira zimayambira pa kusiyana kwa manambala awiriwo mpaka pa kuwonkhetsa kwake, mokwera ndi 1. Motero ½ ndi ½ zimapereka 0 kapena 1, pomwe ½ ndi 1 zimapereka ½ kapena 1½. Chitsanzo chili m'madzi a mumtsinje wa Bua, monganso m'madzi ena onse. Pa maatomu a hayidirojeni pafupifupi 6,400 alionse, imodzi ili ndi phata lolemera, la pulotoni ndi nyutuloni zomangana, lotchedwa dyuteroni. Dyuteroni ili ndi I ya 0. Ikanakhala ndi I ya 1 ikanakhala ndi abale awiri, phata la mapulotoni awiri okha ndi la manyutuloni awiri okha, koma maphata oterowo samangika.

Kusungika

Liwu la Chingerezi lakuti conservation linalowa kale m'Chichewa kudzera m'nkhani za nkhalango ndi nthaka, kumene limamasuliridwa kuti kusamala kapena kuteteza. Tanthauzo limenelo silikugwira pano, chifukwa palibe munthu amene akusamala kanthu. Chikunenedwa ndi chakuti nambala imene inalipo zinthu zisanachitike ndi yomweyo imene ilipo zitachitika. Osewera bawo amafesa, kudyerana ndi kulandana, koma timiyala tonse ta pa bawopo timakhalabe 64. Kumeneko ndiko kusungika, ndipo mneni wake ayenera kukhala wosasonyeza wochita: aisosipini imasungika. Katswiri wa masamu Emmy Noether anasonyeza m'chaka cha 1918 kuti paliponse pamene malamulo a chilengedwe sasintha zinthu zikasinthanitsidwa mwa njira ina yake, pamakhala nambala imene imasungika. Popeza mphamvu yolimba sisintha pulotoni ikasinthanitsidwa kapena kusakanizidwa ndi nyutuloni, chilichonse chochitidwa ndi mphamvu yolimba chimasunga I ndi I₃ yomwe.

Phindu la lamuloli ndi lakuti limalosera manambala popanda kudziwa tsatanetsatane wa mphamvuyo. Mapulotoni awiri akagundana amatha kubala dyuteroni ndi payoni ya +. Nyutuloni ikagundana ndi pulotoni zimatha kubala dyuteroni ndi payoni yopanda chaji. Pa zochitika zonse ziwiri mapeto ali ndi I ya 1, popeza dyuteroni ndi 0 ndipo payoni ndi 1. Mapulotoni awiri ali ndi I₃ ya +1, choncho I yawo singakhale ina koma 1, ndipo khomo ndi lotsegula kwa onse. Koma nyutuloni ndi pulotoni zili ndi I₃ ya 0, imene ingachokere ku I ya 1 kapena ya 0, ndipo masamu amasonyeza kuti n'zosakanikirana theka ndi theka. Theka la I ya 0 lija lilibe polowera. Zotsatira zake, pa nyonga yofanana, kugundana koyamba kuyenera kubala dyuteroni kawiri pamene kwachiwiri kwabala kamodzi. Zoyeza za m'zaka za m'ma 1950 zinavomereza.

Chodziwika kwambiri chinachitika ku Chicago m'chaka cha 1952, pamene gulu la Enrico Fermi ndi Herbert Anderson linkawomba mapulotoni ndi mapayoni. Anaona kuti akamakweza nyonga, payoni ya + inkagwidwa ndi pulotoni mowirikiza pafupifupi katatu kuposa payoni ya −. Keith Brueckner anafotokoza kuti zimenezi n'zimene zingachitike ngati payoni ndi pulotoni zikuyamba zaphatikana kwa kanthawi n'kupanga kanthu ka I ya 1½. Payoni ya + ndi pulotoni zili ndi I₃ ya +1½, motero zonse zimalowa pakhomopo, pomwe pa payoni ya − ndi pulotoni gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi limene lili ndi I ya 1½. Kanthu kameneko ndi delta, yolemera 1,232 MeV. Lamulo lomweli limalamulanso mathero ake: delta ya + imasanduka pulotoni ndi payoni yopanda chaji kawiri, pamene yasanduka nyutuloni ndi payoni ya + kamodzi.

Lamuloli limaletsanso. Madyuteroni awiri, 0 ndi 0, ali ndi zonse zofunika kuti apange heliyamu-4 ndi payoni yopanda chaji: chaji ikukwana, manyukiliyoni akukwana, nyonga ingaperekedwe. Koma heliyamu-4 ndi 0, payoni ndi 1, ndipo 0 sangabale 1. Akatswiri anafunafuna chochitikachi kwa zaka makumi angapo osachiona, mpaka m'chaka cha 2003 pamene gulu la ku Indiana University linachiona, koma mwa apo ndi apo kwambiri. Chinachitikabe, ndipo apa m'pamene liwu lakuti lamulo liyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala. Kusungika kwa chaji ndi kusungika kwa nyonga sikunapezekepo kutaphwanyidwa. Kusungika kwa aisosipini n'kwa mtundu wina: kumagwira pa mphamvu yolimba, ndipo ngakhale pamenepo kumaphonya pang'ono. Chiganizo chongonena kuti aisosipini imasungika, chosatchula mphamvu imene ikugwira ntchito, n'chopereŵera.

Kuwola, kusweka kapena kusanduka

Tinthu tambiri ta mtunduwu sitikhalitsa, ndipo Chingerezi chimatcha mathero ake decay. Kuwola n'kosayenera, chifukwa chowola chimawonongeka pang'onopang'ono, pomwe payoni imakhala yathunthu mpaka kamphindi kamene yaleka kukhalapo. Kusweka kuli pafupi, koma kumapereka chithunzi cha mbiya imene mapale ake anali mbali zake kale. Nyutuloni ikatha pamatuluka pulotoni, elekitironi ndi kanthu kopepukitsitsa ka m'gulu la manyutirino, koma elekitironiyo sinali m'kati mwa nyutuloni. Yabadwa nthawi yomweyo. Liwu loyenera ndi kusanduka. Ena angadandaule kuti limakumbutsa nkhani za anthu osanduka afisi, koma madzi nawonso amasanduka nthunzi ndipo palibe amadabwa.

Utali wa moyo wa kanthu umaulula mphamvu imene yakasandutsa. Delta imasanduka mwa mphamvu yolimba, ndipo imakhala pafupifupi 6 × 10⁻²⁴ ya sekondi, nthawi imene kuwala kumatenga podutsa pulotoni imodzi. Payoni ndiyo yopepuka kuposa tinthu tonse timene timamva mphamvu yolimba, choncho ilibe kanthu kena ka mtundu wake koti isandukemo, ndipo imadikira mphamvu zinazo. Yopanda chaji imasanduka timiyoni tiwiri ta kuwala kwa gama mwa mphamvu ya magetsi, patapita 8.5 × 10⁻¹⁷ ya sekondi. I yake ya 1 imatayika, koma I₃ inali 0 ndipo ikhalabe 0: mphamvu ya magetsi imasunga I₃ koma sisunga I. Ya chaji imadikira mphamvu yofooka kwa 2.6 × 10⁻⁸ ya sekondi, n'kusanduka myuoni ndi nyutirino. Tiwiriti sitimva mphamvu yolimba, tilibe aisosipini, motero I ndi I₃ zonse zimatayika. Manambalawa ndi ovuta kuwaona m'maganizo, koma atatambasulidwa kuti delta ikhale ndi moyo sekondi imodzi, payoni yopanda chaji ingakhale pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ya chaji zaka pafupifupi 150 miliyoni.

Zonsezi sizichitikira m'makina a ku Ulaya ndi ku America mokha. Usana ndi usiku, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 pamwamba pa Mchinji, mapulotoni ochokera kuthambo amawomba maphata a nayitirojeni ndi okosijeni a mumpweya. Kugundana kumeneku n'kwa mphamvu yolimba, ndipo kumabala mapayoni a mitundu itatu ija pafupifupi mofanana, monga aisosipini ifunira. Opanda chaji amathera komweko. A chaji amasanduka mamyuoni, amene ambiri amafika pansi. M'mbali mwa nyanja ya mchere, myuoni imodzi imadutsa pa malo a sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pa mphindi iliyonse, ndiye kuti pafupifupi imodzi pa sekondi pa chikhatho chotambasula. Pa Mchinji Boma, pamene pali pokwera mamita oposa 1,000, imadutsa yochulukirapo. Manyutirino ake amapyola dziko lonse osaima. Oyamba a mtundu umenewu anagwidwa m'chaka cha 1965 pansi pa nthaka m'migodi iwiri ya golide, wina ku Kolar ku India, wina wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg, kumene Frederick Reines ndi Friedel Sellschop anaika zida zawo pa kuya koposa makilomita atatu kuti thanthwe litchinge mamyuoni a kumwamba. Linali dera lomwelo la migodi ya Joni kumene Amalawi zikwizikwi ankapita pa Wenela m'zaka zimenezo.

Chitsanzo china chili pafupi kuposa apo. Mtedza umene Mchinji imadziwika nawo uli ndi potaziyamu, monganso nthochi ndi nyemba, ndipo kagawo kochepa ka potaziyamu aliyense, pafupifupi 0.012 pa 100, ndi potaziyamu-40, amene phata lake lili ndi mapulotoni 19 ndi manyutuloni 21. Pa maphata 100 otere amene asanduka, 89 amasanduka kalisiyamu-40, wa mapulotoni 20 ndi manyutuloni 20. Nyutuloni imodzi yasanduka pulotoni, ndipo I₃ ya phata lonse yachoka pa −1 kufika pa 0. Mphamvu yolimba singachite zimenezi. Yachita ndi yofooka, ndipo imachedwa kotero kuti pamapita zaka 1,250 miliyoni kuti theka la potaziyamu-40 lithe. Komabe maatomu ndi ochuluka, ndipo m'thupi la munthu wamkulu maphata pafupifupi 4,000 a potaziyamu-40 amasanduka pa sekondi iliyonse.

Nkhani ya lambda ndi imene inaonetsa kuti kawerengedwe aka kangamasule mfundo imene inasautsa akatswiri. Lambda imabadwa msanga pa kugundana kwa mphamvu yolimba, ndipo ndi yolemera mokwanira kusanduka pulotoni ndi payoni. Anthu ankayembekeza kuti izitha msanga ngati delta, koma imakhala 2.6 × 10⁻¹⁰ ya sekondi, moyo wautali zedi pa muyeso wa tinthu timeneti. M'chaka cha 1953 Murray Gell-Mann ku America, ndi Kazuhiko Nishijima pamodzi ndi Tadao Nakano ku Japan, anayankha popatsa lambda I ya 0. Pulotoni ndi payoni pamodzi zimapereka ½ kapena 1½, sizingapereke 0, motero khomo la mphamvu yolimba n'lotseka ndipo lambda imadikira yofooka. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale pophwanya lamulo, mphamvu yofooka imatsata kanjira: pa malambda 100, pafupifupi 64 amasanduka pulotoni ndi payoni ya −, ndipo 36 nyutuloni ndi payoni yopanda chaji. Kumeneku n'kuyandikira 2 kwa 1, zimene zingachitike ngati I yasintha ndi ½ yokha. Mkonzi adziwenso kuti m'mabuku muli liwu lina lakuti weak isospin, limene linabwereka dzina ndi masamu koma limanena za chinthu china, ndipo limakhudza elekitironi ndi nyutirino zomwe. Likadzafunika m'Chichewa lisadzafupikitsidwe n'kungokhala aisosipini.

Gwero lake

Chifukwa chenicheni cha kufanana kwa mapasawa chinadziwika pambuyo pa chaka cha 1964, pamene Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, ananena kuti manyukiliyoni ndi mapayoni ndi opangidwa ndi tinthu tina tochepa, makwaki. Awiri ofunika pano amalembedwa u ndi d. Pulotoni ndi uud, nyutuloni ndi udd. Kusinthanitsa u mmodzi ndi d ndiko kusandutsa pulotoni kukhala nyutuloni. Mphamvu yolimba imagwira u ndi d mofanana ndendende. Mabuku ena amafulumira kunena kuti aisosipini imasungika chifukwa u ndi d amalemera mofanana, koma si zoona kwenikweni: u ndi pafupifupi 2.2 MeV ndipo d ndi 4.7 MeV, kuposa kawiri. Nkhani ndi yakuti onse awiri ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi 939 MeV ya nyukiliyoni, imene gawo lake lalikulu ndi nyonga ya mphamvu yolimba yomweyo. Wonyamula thumba la makilogalamu 50 samva kusiyana ngati pamwamba pake paikidwa dzira limodzi kapena awiri. Masamu a ganizoli anakafikanso kutali ndi kumene anachokera: Chen Ning Yang ndi Robert Mills anayesa m'chaka cha 1954 kumanga chiphunzitso cha mphamvu yolimba pa kusungika kwa aisosipini, ndipo ngakhale cholinga chawocho sichinatheke, njira yawo ndi imene ili maziko a mafotokozedwe a masiku ano a mphamvu yolimba ndi yofooka.

Kusiyana kwa 1.29 MeV kuja kunawerengedwa kuchokera pa maziko amenewa m'chaka cha 2015, ndi gulu la akatswiri a ku Budapest, Marseille ndi Wuppertal pogwiritsa ntchito makompyuta akuluakulu. Anapeza kuti zinthu ziwiri zikukokerana. Kulemera kwa kwaki ya d kumawonjezera nyutuloni pafupifupi 2.5 MeV, pomwe mphamvu ya magetsi imawonjezera pulotoni pafupifupi 1.0 MeV, ndipo chotsala chikugwirizana ndi choyezedwa. Chifukwa chakuti nyutuloni ndiyo yolemererapo, ikakhala payokha kunja kwa phata imasanduka pulotoni patapita pafupifupi mphindi 15, pomwe pulotoni ilibe chopepuka choti isandukemo ndipo imakhalabe. Muyeso ukanapendekera mbali inayo, yosanduka ikanakhala pulotoni. Phata la hayidirojeni wamba ndi pulotoni imodzi yokha, ndipo m'kamolekyu kalikonse ka madzi muli mahayidirojeni awiri.